Mbusa kapena Waganyu? Za Chimene Chikokera Munthu ku Uphunzitsi

Lamulungu lachinayi la Pasaka Eklezia awerenga m'matchalitchi onse gawo la mutu 10 wa Mthenga Wabwino wa Yohane Woyera, m'mene Ambuye Yezu adzitcha Mbusa Wabwino. Kuyambira chaka cha 1964, pa kufuna kwa Papa Paul VI, tsiku lomwelo ndilo lopempherera maitanidwe. Akhristu ambiri akamva mau akuti maitanidwe, maganizo awo athamangira ku seminale ya ku Kachebere kapena ku nyumba za asisteri, ndipo salakwa. Koma alipo mbusa wina amene aiwalika kawirikawiri pa mapemphero a tsikulo, chonsecho ndiye akhala ndi nkhosa masiku asanu pa sabata, kuyambira m'mawa mame asanakamuke. Ameneyo ndiye mphunzitsi. Wansembe aona mwana wa ku mudzi wakutali mwina kamodzi pa mwezi, pamene mphunzitsi amuona tsiku ndi tsiku kwa zaka zisanu ndi zitatu. Tsono funso lakuti nchiyani chikokera munthu ku ntchito imeneyi lisasiyidwe m'manja mwa a boma okha. Ndi funso la makolo, la akatekisti ndi la parishi yonse.

M'mutu womwewo Ambuye aika anthu awiri pamaso pa omvera: mwini nkhosa ndi munthu wolembedwa ganyu. Pa tsiku la mtendere munthu sangawasiyanitse. Onse awiri atsekula khola m'mawa, onse awiri agwira ndodo, onse awiri abwera nazo madzulo. Kusiyana kwawo kuoneka pokhapo pamene chilombo chatulukira, pakuti waganyu aona kuti moyo wake uposa malipiro ake, nathawa. Apa Akhristu achenjere, asaonjeze pa mau a Ambuye zimene iwo sadanene. Waganyu sadzudzulidwa chifukwa cholandira ndalama ai. Adzudzulidwa chifukwa mu mtima mwake nkhosazo nza wina, ndipo alibe nazo kanthu.

Munthu atakhala pansi ndi achinyamata amene akuphunzira zauphunzitsi, nawafunsa mwakachetechete chimene chidawabweretsa, sakadamva yankho limodzi. Wina akadanena za mphunzitsi wake wa Sitandade 5 amene adamkonda namtsegula maso. Wina akadaulula kuti mtima wake udali ku unamwino kapena ku yunivesite, koma mayeso a MSCE sadamkomere mokwanira. Wina ndi mwana woyamba m'banja la amai amasiye, ndipo azing'ono ake asanu ayang'ana kwa iye. Chimene adafuna ndi malipiro a pa mwezi ndi penshoni ya paukalamba. Zimenezi si zachilendo m'dziko muno. Mu 1994, boma litachotsa fizi ku sukulu za pulaimale, ana adachuluka mwadzidzidzi kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, ndipo padalembedwa anthu pafupifupi 20,000 amene adali asanaphunzire ntchitoyo, naikidwa patsogolo pa ana atangolandira malangizo a masiku owerengeka. Ndani anganene kuti onsewo adamva liu lochokera kumwamba? Ambiri adangomva kuti boma likulemba ntchito, nathamanga. Komabe mwa iwo mudatuluka aphunzitsi okhulupirika amene akalambira m'kalasi, ndipo ana awo a sukulu lero ndi ansembe, madokotala ndi aphunzitsi anzawo.

Kodi Mulungu anyansidwa ndi munthu wolowera pa khomo lotere? Mbiri ya woyera amene Papa Pius XII adamuika mu 1950 kuti akhale nkhoswe ya aphunzitsi onse iyankha bwino funso limeneli.

Jean-Baptiste de La Salle adabadwira ku Reims, m'dziko la France, mu 1651, m'banja lolemera ndi lomveka. Adali wansembe wophunzira kwambiri, ndipo adali ndi mpando waulemu m'tchalitchi chachikulu cha mzindawo, mpando wokhala ndi malipiro ochuluka. Za sukulu za ana aumphawi sadaziganizepo konse. Mu 1679 adakumana ndi munthu wina, dzina lake Adrien Nyel, amene adadza kudzatsegula sukulu za anyamata osauka, ndipo adangomthandiza monga munthu athandizira mlendo. Aphunzitsi amene Nyel adasonkhanitsa adali anthu wamba, osaphunzira mokwanira, osadziwa ngakhale makhalidwe a pa chakudya, ndipo iye mwini adavomera pambuyo pake kuti poyamba ankawayesa otsika kuposa wantchito wa m'nyumba mwake. Koma chinthu chimodzi chidabala chinzake. Adayamba kuwalipirira nyumba, kenaka kuwaitana kudzadya, ndipo mu 1681 adawalowetsa m'nyumba ya makolo ake, abale ake nakhumudwa kwambiri. Atakalamba adaulula kuti akadadziwa pachiyambi kumene njirayo idzamfikitsa, sakadaiyamba. Mulungu adamtsogolera pang'onopang'ono, osamuonetsa zonse nthawi imodzi. Nkhoswe ya aphunzitsi idalowa mu uphunzitsi mosafuna! Mtsikana amene walowa pa chipata cha St Joseph's ku Bembeke misozi ili m'maso, chifukwa khomo limene ankafuna lidatsekeka, aikumbukire nkhani imeneyi. Maitanidwe ambiri sayamba ndi chimwemwe. Apezeka m'kati mwa ntchito, monga mlimi apeza kasupe m'munda umene adaulandira monyinyirika.

M'mbiri yomweyo muli phunziro lina lowawa, ndipo likhudza amene alamulira aphunzitsi. Tsiku lina aphunzitsi aja adadandaula za tsogolo lawo: sukulu zikatha, kapena akakalamba, adzadya chiyani? De La Salle adawalalikira za kukhulupirira Mulungu amene adyetsa mbalame. Iwo adamyankha mosabisa kuti nkwapafupi kwa munthu wa chuma ndi wa mpando waulemu kulankhula motero, pakuti zinthu zikavuta iye adzabwerera ku chuma chake, pamene iwo adzakhala opemphapempha. Woyerayo sadakwiye. Adaona kuti akunena zoona. Mu 1683 adatula mpando wake, ndipo pa njala imene idagwa pambuyo pake adagawira aumphawi chuma chake, kuti akhale wofanana ndi aphunzitsi ake. Munthu wokhuta asafulumire kulalikira mphunzitsi wanjala za kudzipereka.

Pakuti malipiro a mphunzitsi si mphatso, ndi ngongole. Ambuye potuma ophunzira awo adawauza kuti wogwira ntchito ali nawo ufulu wa kulandira zake (Luka 10:7), ndipo Yakobe Woyera achenjeza kuti ndalama zomanidwa kwa antchito zili ndi liu lofika kwa Mulungu (Yakobe 5:4). Akatekisti adziwa kuti katekisimu awerengera tchimo limeneli pamodzi ndi machimo ofuula kumwamba. Malipiro akachedwa, kapena mnyamata akatsiriza maphunziro ake ku koleji nakhala pamudzi zaka osalembedwa ntchito, monga zidachitikira magulu angapo m'zaka zapitazi, pomwe ana akudzazana oposa zana m'kalasi limodzi, pamenepo pali chosalungama. Aepiskopi a dziko lino sadachite manyazi kunena za kuchepa kwa aphunzitsi ndi kudzazana kwa ana m'kalata yawo yotchuka ya pa 8 Malichi 1992, ndipo mmodzi wa osaina adali Ambuye Gervazio Chisendera a Dedza. Choncho mphunzitsi wofunsa malipiro ake sali waganyu wa m'fanizo lija. Waganyu ndiye amene malipiro ali chifukwa chake chokha, kuyambira tsiku loyamba mpaka tsiku lopuma ntchito, osamera kanthu kena mu mtima mwake.

Dera lino la mapiri lidaona kale m'mene zifukwa zazing'ono zisandukira zazikulu. Ansembe a chipani cha White Fathers adakhazika mishoni ya Mua mu 1902, ya Mtakataka mu 1908, ndi ya Bembeke mu 1910. Ansembewo adali owerengeka, midzi inali yosawerengeka, ndipo chinenero ankachilankhula movutikira. Amene adafikitsa Mthenga Wabwino m'midzi ya kuseri kwa mapiri adali aphunzitsi a m'midzi, amene pa nthawiyo adalinso akatekisti: munthu mmodzi, ntchito ziwiri. Pakati pa sabata ankaphunzitsa a, e, i, o, u m'kachisakasa ka udzu, ana akulemba ndi chala pa dothi kapena pa sileti; Lamulungu ankatsogolera mapemphero ndi kuphunzitsa akatekumeni; usiku ankadzutsidwa kukabatiza wodwala kayakaya. Nchiyani chidawakoka anyamata amenewo? Munthu asawapake utoto wa angelo. Ena adakopeka ndi ulemu wa munthu wodziwa kuwerenga kalata, amene ngakhale mfumu imfuna. Ena adafuna kandalama ka msonkho, kuti asapite ku minda ya azungu kapena ku migodi ya ku Halale ndi ku Joni kumene anzawo ankapita. Ena adangokonda malaya oyera. Koma chilombo chitafika, zidadziwika za mu mtima. Padali midzi imene idakana sukulu, padali mikangano ndi akuluakulu a dambwe pa za ana, padali kulimbirana midzi ndi amishoni a Dutch a ku Nkhoma ndi ku Mlanda, padali njala ndi nthenda. Ena adasiya, napita kukafuna ndalama zambiri kwina. Ena adakhala, ndipo maina awo ambiri sadalembedwe m'buku lililonse koma m'mabuku a ubatizo, pa mzere wa mboni. Kuchokera m'tisukulu totere mudatuluka mwana wa ku dera la Mua, Cornelius Chitsulo, amene mu 1937 adakhala wansembe woyamba wa dziko lino, ndipo mu 1957 adadzozedwa kukhala episkopi woyamba wachikuda wa dziko lino, nakhala pa mpando wa Dedza. Padali munthu wina amene adagwira dzanja la mwanayo pomuphunzitsa kulemba chilembo choyamba. Munthuyo sadadziwe kuti wagwira dzanja lodzadalitsa dayosizi yonse.

Pano nkoyenera kukumbukira kuti kuphunzitsa sikudabwere ndi sitima. M'mapanga a ku Chongoni, amene bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, muli zojambula zina zimene amai a makedzana ankaphunzitsira anamwali. Namkungwi sadali kulandira malipiro a pa mwezi. Chidamkoka nchakuti mudzi ukadafa mwambo ukadapanda kupatsidwa kwa ana, ndipo makolo adaumba nzeru imeneyi m'mwambi wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwambiwo ndi fanizo la Mbusa Wabwino akumana pa mfundo imodzi: nkhosa zikhale zako mu mtima.

Nanga zilombo za masiku ano nziti? Ku mapiri kuno zidziwika bwino. Chilipo chisanu cha mu Juni ndi Julayi, pamene nkhungu iphimba phiri la Dedza, ndipo mwana wopanda juzi asankha kukhala pa moto. Ilipo nyengo yokumba mbatatesi, pamene makalasi apungulika chifukwa ana ali ku madimba kapena akugulitsa pa mseu. Ulipo ukwati wa mtsikana wa Sitandade 6, wokonzedwa ndi akulu usiku. Alipo maloto a ku Joni, amene auza mnyamata kuti sukulu nkutaya nthawi, poti mnzake wabwerako ndi njinga yamoto. Mwana akasowa masiku atatu, waganyu alemba chizindikiro m'kaundula natseka buku. Wachita zimene lamulo lifuna, ndipo palibe angamzenge mlandu. Mbusa afunsa anzake a mwanayo, ndipo Loweruka akwera njinga kukaonana ndi amai ake ndi atsibweni ake. Mwina akabwerako chimanjamanja. Mwina akanyozedwa. Palibe adzamuonjezera tambala pa ulendowo, ndipo mkulu woyendera sukulu sadzaumva. Pa ulendo wotere mpamene munthu adziwa yekha chimene chidamsunga mu uphunzitsi.

Pali china choopsa koposa, ndipo chiyenera kunenedwa poyera. Nthawi zina chilombo chilowa m'khola chitavala malaya a mbusa. Mphunzitsi amene anyenga mtsikana wa m'kalasi mwake ndi malikisi kapena ndi sopo, amene asandutsa ana antchito a m'munda mwake pa nthawi ya maphunziro, amene abisa nzeru m'mawa kuti aigulitse madzulo kwa okhoza kulipira, amene afika ku sukulu akununkha kachasu, ameneyo adakokedwa ndi mphamvu imene mphunzitsi ali nayo pa ofooka. Za wolakwitsa ana Ambuye adanena mau oopsa kuposa ena onse, mau a mphero ndi nyanja yakuya (Mateyo 18:6), ndipo Yakobe Woyera adaletsa anthu kuthamangira uphunzitsi, pokumbutsa kuti mlandu wa ophunzitsa udzazengedwa molimba koposa (Yakobe 3:1). Makolo ndi a komiti ya sukulu amene adziwa zotere nakhala chete, poopa kuti mudzi ungatsale wopanda mphunzitsi, agawana naye tchimolo. Nkhani ya mwana wochimwiridwa ipite kwa mphunzitsi wamkulu ndi kwa apolisi, isathere pa bwalo ndi mbuzi ya chindapusa.

Tsono chifukwa chokhalitsa chichokera kuti? Marko Woyera asimba kuti Ambuye atatsika m'ngalawa adaona khamu la anthu, nagwidwa ndi chisoni poona kuti lili ngati nkhosa zosowa woziweta. Chimene adachita poyamba nchodabwitsa: adayamba kuwaphunzitsa, ndipo buledi adadza pambuyo, dzuwa litapendeka (Marko 6:34). Kuphunzitsa kwa Ambuye kudabadwa m'chisoni, ndipo chisonicho chidabadwa m'kuona. Akhristu a ku Mtendere ali nacho chitsanzo pafupi. Abulazala a Marist, amene adafika kumeneko mu 1946, ndi ana a Marcellin Champagnat Woyera, wansembe wa ku midzi ya m'mapiri a ku France, amene iye mwini adavutika kwambiri ndi sukulu ali mwana. Mu Okutobala 1816 adaitanidwa kwa mnyamata wina wodwala, napeza kuti mnyamatayo, ngakhale adali wamkulu ndithu, sadziwa kanthu za Mulungu. Adamphunzitsa zimene adatha pa maola owerengeka, ndipo mnyamatayo adamwalira tsiku lomwelo. Champagnat sadathe kuiwala nkhope imeneyo. Pa 2 Januwale 1817 adasonkhanitsa anyamata awiri m'kanyumba ka ku La Valla, nayamba kuwakonza kuti akhale aphunzitsi a ana a m'midzi. Sukulu zonse za a Marist, ya ku Mtendere pamodzi, zidachokera pa mphasa ya mwana mmodzi amene wina adamuyang'ana bwino.

Mphunzitsi amene adalowa chifukwa cha malipiro asataye mtima, ndiponso asadikire masomphenya. Apemphe chaulere cha kuona. Pakati pa ana zana limodzi amene ali patsogolo pake pali mmodzi amene sadadye, pali mmodzi amene samva bwino ndipo ayesedwa wopusa, pali mmodzi amene adzakhala mphunzitsi chifukwa cha iye. Tsiku limene adzaleka kuona gulu, nayamba kuona Uje ndi Uje, ndilo tsiku la maitanidwe ake, ngakhale litafika patapita zaka khumi chilandirire setifiketi. Masakramenti a Kulapa ndi Ukaristia adapatsidwa kuti agwire ntchito yotere, yosandutsa mtima wa ganyu kukhala mtima wa mwini. Koma amene wayesa zaka zambiri, napeza kuti ana amnyansa ndipo ndodo yokha ndiyo chinenero chake, achita bwino kufuna ntchito ina. Ulimi ndi malonda nazo ndi ntchito zodalitsika.

Za aphunzitsi aakazi pafunika mau apadera. Ambuye Mathurin Guillemé, amene adakhala ku Bembeke zaka zambiri, adayambitsa mu 1929 chipani cha Asisteri a Tereza Woyera, pa nthawi imene anthu ambiri ankayesa kuti kuphunzitsa mtsikana nkuthira madzi m'dengu. Lero koleji ya St Joseph's ikonza aphunzitsi aakazi pa phiri lomwelo. Mtsikana wa kumudzi amene sadaonepo mkazi wolandira malipiro ake, wolankhula pa msonkhano amuna namvera, akaona aphunzitsi ake aakazi adziwa kuti njira ilipo. Vuto nlakuti sukulu zakutali, kumene atsikana asiya msanga, ndizo zisowa aphunzitsi aakazi, ndipo chifukwa chimodzi chachikulu ndi nyumba. Mkazi sangakhale m'nyumba yopanda chitseko cholimba, kutali ndi madzi.

Apa mpamene nkhani ibwerera kwa Akhristu a m'miphakati. Msonkhano Waukulu wa Vatican II, m'chikalata chake cha za maphunziro cha mu 1965, udatcha uphunzitsi maitanidwe okongola ndi olemera, nulimbikitsa achinyamata kuti adzipereke ku ntchitoyi. Koma mwana amva zambiri pa mkeka wa kwawo kuposa za m'zikalata za ku Roma. Bambo akamanena pamaso pa ana kuti mwana wa uje walephera, wangokhala mphunzitsi, asadabwe mdzukulu wake akadzaphunzitsidwa ndi munthu wokhumudwa. Ana anzeru onse akakankhidwira ku maofesi a ku Lilongwe, adzatsala ndani ku Kasina, ku Mayani ndi ku Kaphuka? Akatekisti ali pa malo abwino ozindikira mbeu imeneyi isanakule. Pa gulu lililonse la ana a Ukaristia woyamba pamakhala mmodzi amene, atatha kuloweza yankho lake, atembenukira kwa mnzake wotsalira namthandiza popanda womtuma, ndipo sapsa mtima pobwereza kachitatu. Mwana wotere auzidwe kuti ali ndi mphatso, makolo ake auzidwenso, ndipo bambo mfumu adziwe dzina lake.

Pa Lamulungu la Mbusa Wabwino, pofika pa mapemphero a Akhristu, aphunzitsi a sukulu za m'parishi atchulidwe pamodzi ndi ansembe ndi asisteri, osasiya a mipingo ina kapena Asilamu, pakuti ana amene aweta ndi omwewo. Ndipo popeza Pasaka ikatha chisanu chili pafupi, mphakati uliwonse utume anthu awiri kapena atatu akaone nyumba za aphunzitsi pa sukulu yawo: denga, mazenera, chitseko ndi chimbudzi. Njerwa ziumbidwa m'chilimwe, ndipo woumba ayamba kupangana ndi anzake dothi lisanaume.